Injini ya ku Japan mu Benzi ya agogo

Abale, lero ndabwera ndi nkhani ya zitsulo, ndipo ndikufuna maganizo a inu amene mumagwira sipanala ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete.

M'matauni a migodi kuno ku Midlands, kuyambira ku Kwekwe ndi Redcliff mpaka ku Shurugwi ndi Zvishavane, munthu sayenda mtunda wautali asanaone Mercedes-Benz yakale itakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba. Yathu ndi W123 ya mtundu wa 280E. Agogo anga aamuna, amene anachokera ku Dedza n'kudzakalambira pa ng'anjo za Zisco, anaigula kwa bwana wina amene ankasamuka m'zaka za m'ma 1980. Ng'anjozo zinazima mu 2008, agogowo anatisiya, koma thupi la galimoto likadali lolimba ndipo zitseko zake zimatsekekabe ndi chala chimodzi. Chimene chatha ndi injini.

Injiniyo ndi M110, ya masilinda 6 ndi malita 2.8. Imalandira petulo kudzera mu K-Jetronic ya Bosch, makina ogawa mafuta opanda kompyuta, odalira kachitsulo koyenda m'kabowo kopimidwa mosamala kwambiri. Kuyambira mu 2013 lamulo la kuno limakakamiza kusakaniza petulo ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje, nthawi zina mpaka magawo 20 pa 100 alionse. A ku Malawi zimenezi si zachilendo kwa inu, poti ku Dwangwa munayamba kutcheza ethanol mu 1982. Koma ethanol amakoka chinyezi ndi kuumitsa timalabala takale, ndipo galimoto ikakhala miyezi osalizidwa kachitsulo kaja kamamatirira. Amisiri amene ankawadziwa makinawa ena anakalamba, ena anapita ku Joni.

Tikadaisiya pa njerwa pomwepo zikanapanda agogo aakazi. Iwo akufuna kukaona kwawo miyendo isanakane, ndipo akanitsitsa kukwera basi. Akuti adzalowa m'mudzi ndi galimoto ya amuna awo, kudzera ku Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukwera mapiri a Angonia mpaka pa chipata cha Dedza. Choncho funso la pabanja pathu lasanduka lakuti: tiikemo injini iti?

Atsibweni anga, amene ana a ku Torwood angozolowera kuwatcha sekuru mwa Chishona, akufuna dizilo ya Toyota, 1KZ-TE ya malita 3, ija ya mu Prado ndi Hilux Surf. Mfundo zawo n'zomveka. Dizilo alibe ethanol, injiniyo siimwa kwambiri, ndipo zipangizo zake zimapezeka ku Kwekwe, ku Tete ngakhale ku Dedza komweko. Iwo ndiwo eni mbumba, ndipo pa bwalo la banja sindingawadule mawu. Ndinangowakumbutsa mwaulemu kuti 1KZ imadziwika ndi kung'aluka mutu ikatenthedwa, ndipo chigwa cha Tete mu Okutobala sichikhululukira rediyeta yopanikizidwa m'malo amene sanaikonzere. Komanso ndi injini yaitali msinkhu, yovuta kuibisa pansi pa boneti ya W123, ndipo kugogoda kwake kumamveka m'chiwongolero ndi m'mipando. Agogo adzakhala atakwera galimoto ya amuna awo ndi maso okha, makutu ndi msana zili mu kombi.

Ine ndaima pa 1UZ-FE, V8 ya petulo ya malita 4 imene Toyota inatulutsa mu 1989 mu Lexus LS400. Galimoto imeneyo anaipanga dala kuti ipikisane ndi ma Benzi aakulu a nthawiyo pa kuyenda mwakachetechete, ndiye injini yake ili ndi khalidwe lomwe thupi ili linazolowera. Ndi ya aluminiyamu, kotero siilemera kuposa M110 yachitsulo, ndipo masipuling'i akutsogolo sadzadandaula. Ya mu LS400 chosungira oyilo chake chili kutsogolo, kumenenso W123 ili ndi malo ake. Makompyuta oiyendetsera, monga Spitronics, amapangidwa ku South Africa konkuno, kumene injiniyi yaikidwa kale m'magalimoto osawerengeka. Ndingasankhe ya zaka zoyambirira, isanabwere VVT-i mu 1997, chifukwa mawaya ake ndi ochepa ndipo makaniko wa ku Mbizo angathe kuwatsata ndi kababu koyesera.

Zovuta zake ziliponso. V8 ndi yotambalala, ndipo mapaipi a utsi amalimbirana malo ndi bokosi la chiwongolero. Pafunika giyabokosi yake yomwe, shafuti yodulidwa ndi kuwotchereranso, miyendo yatsopano yokhazikapo injini, pampu ina ya petulo, ndi mapaipi a mafuta opirira ethanol. Mabuleki a W123 ndi a madisiki mawilo onse anayi, koma ayenera kukonzedwa kaye asanapatsidwe mphamvu yochuluka chonchi. Imamwanso, ndipo petulo kuno timagula ndi madola a ku America. Pamenepa atsibweni amandigonjetsa tikamawerengera lita ndi lita. Kungoti galimotoyi sidzakhala yopitira ku msika tsiku ndi tsiku. Idzayenda maulendo owerengeka pa chaka, a maliro, a ukwati, ndi uwu wa ku Dedza.

Chimene tonse tagwirizana ndi mapepala. Injini ikasinthidwa nambala yake iyenera kulowa m'buku la galimoto ku Central Vehicle Registry, apolisi oona za kubedwa kwa magalimoto ataitsimikiza, ndipo wogulitsa atipatse umboni wakuti inalowa m'dziko mwalamulo. Ulendowu uli ndi zipata ziwiri za malire, ndipo sitikufuna kuti gogo wa zaka zoposa 80 akagone pa benchi pa Nyamapanda chifukwa cha nambala yosiyana.

Ogula zitsulo zakutha amva kale kuti M110 ikutsika, ndipo abwera kawiri ndi sikelo yawo. Agogo awabweza. Akuti injiniyo idzolezedwe oyilo, ikulungidwe mu tenti, ikhale m'shedi. Inu amene munaikapo 1UZ kapena 1KZ mu W123, ndiuzeni mmene munachitira ndi bokosi la chiwongolero, chifukwa banja likumananso kumapeto kwa mwezi uno.