Mwezi Unkaonekera Kuseri kwa Nkhokwe

Mdzukulu wanga anandipeza pakhonde Loweruka lapitali, foni ili m'manja. "Agogo, tamvani izi." Akuti kunali Mngelezi wina, Moses Cotsworth, wowerengera ndalama kukampani ya njanji, amene anatopa nayo miyezi yosalingana: uwu masiku 31, uwo 30, Febuluwale 28. Ndiye mu 1902 anatulutsa kalendala yakeyake ya miyezi 13, uliwonse wa masiku 28 ndendende, tsiku loyamba la mwezi lizikhala Lamulungu chaka ndi chaka. Kampani ya Kodak ku America inaigwiritsadi ntchito m'mabuku ake kuyambira 1928 mpaka 1989. Mwanayo maso ali gwa, akuti dziko lonse likanangotsatira, bwenzi zinthu zili zophweka.

Ndinamuuza awerengere yekha. Miyezi 13 ya masiku 28 ikukwana 364. Nanga tsiku linalo? Akuti ankalisiya padera, lopanda dzina la sabata, ngati mwana wamasiye pamaliro. Apa mpomwe Ayuda ndi a Seventh Day anakanira, poti Sabata likanamasuntha chaka chilichonse, ndipo League of Nations inakambirana nkhaniyi n'kuisiya. Ine sindinawadabwe. Chimene chinandiwawa n'china: anthu onsewa ankakangana za mwezi, koma palibe anatuluka panja kukauyang'ana.

Ife tikukula, mwezi unali umodzi, wakumwambawo. Ukaonekera madzulo kuseri kwa nkhokwe, kowonda ngati chikhadabo, ana tinkakuwa kuti waoneka! Ukakhwima, ng'oma pabwalo mpaka tambala. Ukalowa mumdima, aliyense m'nyumba msanga. Suyendera masiku 28 ayi, umatha 29 ndi theka, choncho miyezi 12 imaperewera masiku 11 kuti chaka chikwane. Agogo anga aakazi sankadziwa masamu amenewo, koma sankasokera. Ankaona mitengo ikuphukira masamba ofiira dzuwa lili phwee, n'kunena kuti tulutsani makasu. Ikagwa chizimalupsa, ankatiletsa kudzala: imeneyo ndi yongozimitsa lupsa, yeniyeni ikubwera. Ngumbi zikatuluka, dzinja lakhazikika. Kenako masika, maungu ndi mondokwa, chisanu, chilimwe, nthawi ya maukwati, zinamwali ndi kumanga ziliza.

Sabata ya maina iyi inabwera ndi tchalitchi ndi ntchito ya azungu. Mainawo amaulula okha. Lolemba, tsiku lolemba anthu ntchito. Loweruka, tsiku loweruka. Apakatiwo anangowapatsa manambala, ngati ng'ombe pa dibi. Komanso kalendala ya pakhomayi, imene achinyamata amaiyesa ya chilengedwe, anaikonzapo kale ndi manja: Papa Gregory anadulapo masiku 10 mu 1582, Angelezi anadikira mpaka 1752 n'kudula 11. Wogona pa 2 Sepitembala anadzuka pa 14.

Malemu mayi a kunyumba kuno sanapite kusukulu. Ali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, anapota kachingwe ka luzi n'kukasomeka kudenga, pamwamba pa mphasa. Mwezi ukaoneka, mfundo imodzi. Ndinkawaseka, ine amene ndinali ndi kalendala ya kusitolo yokhala ndi chithunzi cha thirakitala. Pa mfundo yachisanu ndi chinayi anatumiza uthenga kwa anamkungwi ndi azamba, ndipo sipanathe masiku ambiri ndinamva kulira m'chikuta. Kachingweko kanakhala kudenga zaka, kakuda bii ndi mwaye, mpaka tsiku limene tinasasula udzu kuti tikhome malata. Sindinaganize zokasunga. Chimenecho chimandidya mpaka lero.

Tsopano mvula imabwera mmene yafunira, ndipo mitengo imene inkatiuza nthawi inapita ku makala. Anthu amadikira wailesi iwauze zodzala.

Ndinamufunsa mdzukuluyo kuti mwezi uli pati lero, wakhanda kapena wokhwima. Anaweramira pafoni n'kuyamba kusakasaka. Pamenepo n'kuti uli pamwamba pa mutu wake, mbee, pakati pa mango ndi denga la malata.