Envulopu ya Malume

Mwezi wamawa chikwana chaka chimwalirireni malume anga. Mpaka pano, ndikamadutsa pafupi ndi msika wa Zomba, maso amathamangira okha pa kachitseko kobiriwira kamene kanali ofesi yawo. Pano m'menemo mukugulitsidwa matchaja ndi makava a foni. Chikwangwani cha dzina lawo anachizula, koma pakhoma pakuonekabe pamene chinali, poti utoto wa pamenepo sunasuluke ndi dzuwa.

Malume anali loya. Ndikanena chonchi, anzanga kuno ku yunivesite amaganiza za suti yakuda, galimoto lalikulu ndi milandu yotuluka patsamba loyamba la nyuzipepala. Iwo sanali otero ayi. Anali loya wa anthu obwera pa njinga kuchokera ku Jali, ku Thondwe ndi ku Songani, atakulunga mapepala awo m'jumbo kuopa mvula. Galimoto lawo linali lokalamba moti m'mawa wa mu June ine ndi asuweni anga tinkayamba talikankha tisanapite kusukulu. Kunyumba kwawo ku Chinamwali nkhuku sizinkatha, osati chifukwa ankaweta, koma chifukwa anthu ena ankalipira ndi chimene anali nacho.

Ine ndinafika m'nyumba imeneyo ndili Sitandade 6, bambo anga atamwalira. Maliro atangotha, abale a bambo anabwera ndi ngolo. Anatenga mipando, wailesi, njinga, malata amene bambo anagula kuti afolere nyumba, mpaka makina osokera amene mayi ankatidyetsera. Ankati ndi chuma cha m'bale wawo. Lamulo la chuma cha masiye linali litakhalapo kale kuyambira 2011, ndipo limanena poyera kuti kulanda katundu wotere ndi mlandu. Koma kumudzi kwathu lamulolo linali lisanafike.

Analifikitsa ndi malume. Sanathamangire kukhoti. Anapempha mfumu kuti iitanitse mbali zonse, nakhala pa mphasa ngati wina aliyense, n'kuyamba kumasulira lamulolo m'Chichewa, ndime ndi ndime, mosakweza mawu. Anafotokoza kuti munthu akafa osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana, ndi amene ankadalira malemuwo. Atatha anati, "Ine sindinabwere kudzamangitsa munthu. Koma mukandiumiriza, njira yake ndikuidziwa." Makina osokera anabwerera tsiku lomwelo. Malata anabwera patapita sabata, awiri atasowa. Malume anati awiriwo asiyidwe. Madzulo ake ananditenga kuti ndikaphunzire kwawo.

M'nyumba mwawo munalibe mwana wa mlongo ndi mwana wobereka. Tonse tinkagona chipinda chimodzi, tonse tinkakalipiridwa mofanana. Nthawi ikakwana 5 koloko malume ankatseka ofesi, kaya pali ndani panja. Wobwera mochedwa ankauzidwa kuti abwere mawa kapena awatsatire kunyumba, ndipo ambiri ankatsatiradi, n'kudya nafe nsima asanafotokoze mavuto awo. Tikatha kudya, malume ankavula nsapato n'kuyamba kuona makope athu mmodzimmodzi. Masamu sankawadziwa kwenikweni, koma ankafunsa mafunso mpaka iwe wekha uone pamene walakwitsa, monga ankachitira ndi mboni. Loweruka ankaperekeza akazi awo, amene ife timawatchula kuti anti, kukagula ndiwo, iwo atanyamula dengu. Anzawo ankawaseka kuti anadyetsedwa. Iwo ankati ngati ndi choncho mankhwalawo anali okoma.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkawatulutsa m'nyumba usiku: foni ya mayi amene mwana wake watsekeredwa. Ankavala jekete pamwamba pa zovala zogonera n'kupita kukakumbutsa apolisi kuti Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ankatiuza kuti iwo anaphunzira zamalamulo ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene makhoti a mafumu ankazenga ngakhale milandu ya kupha ndi kuukira boma, loya osaloledwa kulowamo. Ankatchula Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, maloya onse awiri, amene anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 m'khoti lotero, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. "Ngati zinachitikira anthu odziwa malamulo ngati amene aja," ankatero, "nanga wogulitsa makala amuyankhulira ndani?"

Ndisaname, nditakula ndinayamba kuwaona ngati munthu wolephera. Anzawo a m'kalasi ena anali majaji, ena anali ndi maofesi a nsanjika ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Tsiku lina, ndili Folomu 4, tikukankha galimoto lija, ndinawafunsa mwamwano chifukwa chimene sanapitire kumene kuli ndalama. Anandiyang'ana pa galasi n'kunena kuti, "Ndikanapita, bwenzi homuweki yako akuona ndani? Kankha, mwana iwe." Ndinakankha, koma mumtima sindinakhutire.

Ntchito imene ankaikonda kuposa zonse inali yosasangalatsa n'komwe: kulembera anthu mawilo. Kutchalitchi, pa ukwati, ngakhale pamaliro, ankapeza mpata woti anene. Anthu ankawathawa. Ankati kulemba wilo ndi kudziitanira imfa. Malume ankayankha kuti imfa sidikira kuitanidwa, ndipo amene amavutika si wakufayo koma otsala. Ankati sipafunika chuma chambiri kapena Chingerezi chozama. Pafunika kulemba momveka kuti chakuti chipite kwa uje, kusaina pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo n'kusainanso, ndipo ankalangiza kuti mbonizo zisakhale anthu amene walembera katundu. Ine ndinkatumidwa kukajambulitsa mapepala amenewa ndipo ndinkaona ngati ntchito ya kalaliki, yosayenera munthu wa digiri.

Anadwala miyezi itatu. Tinawaika kumudzi kwa amayi awo, monga mwa mwambo wathu. Anthu anabwera ochuluka kuposa mmene tinakonzekera, ambiri osawadziwa, ndipo mayi wina wokalamba anayenda wapansi kuchokera kutali atanyamula tambala, akuti inali ngongole ya mlandu wa munda.

Zimene ndikufuna kunena zinachitika tsiku lotsatira. Akuluakulu a mbali yathu anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anayamba ndi kundiyamikira kuti ndine wophunzira. Kenaka anati ndikudziwa kuti kwathu chuma cha mwamuna ndi cha mbumba yake. Ana a malume ali ndi malume awo kwawo kwa mayi awo. Nyumba ya ku Chinamwali, galimoto ndi za mu ofesi ziyenera kubwerera kumtundu, ndipo woyenera kuziyang'anira ndine, mwana wa mlongo wawo. Anti apatsidwe nthawi yolongedza.

Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinakana pomwepo. Sindinakane. Ndinangoti zii. M'mutu mwanga munali fizi ya zaka ziwiri zotsala, lendi ya ku Chikanda, ndi mantha a munthu amene womulipirira wangoikidwa m'manda dzulo lake. Ndinawerengera ndalama imene nyumba ija ingabweretse pa mwezi itachititsidwa lendi. Ine yemweyo amene ndinaona ngolo ikutuluka ndi makina a mayi anga, ndinaima pamenepo n'kumawerengera. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti olanda chuma cha masiye si zilombo zochokera kwina. Ndi anthu amantha, okhala ndi mavuto enieni, amene apatsidwa mwambo woti abisalemo.

Pa msonkhano wa banja masana ake, anti sanatsutse chilichonse. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envulopu ya khaki, n'kuipereka kwa loya mnzawo wa malume amene anabwera kudzakhuza. Iye anawerenga pang'onopang'ono, akumasulira. Nyumba inali ya anti ndi ana. Munda wa kumudzi ndi mbuzi zinali za alongo awo. Galimoto ligulitsidwe, ndalama zake ziphatikizidwe ndi zimene anasunga kubanki, zilipirire sukulu ana onse a m'nyumbamo mpaka atamaliza. Anatchula mayina athu motsata msinkhu, ndipo langa linali lachiwiri, pakati pa asuweni anga, popanda mawu alionse osonyeza kuti ine ndinali wobwera. Mabuku awo a zamalamulo anasiyira ine.

Sindinathe kudzutsa mutu. Munthu amene ndinkamuona ngati kalaliki anali ataona kale tsiku limeneli, nkhokwe ija, ngakhale kukhala chete kwanga. Anateteza akazi awo kwa abale ake, ndipo ine ananditeteza kwa ine mwini.

Sikuti zonse zinatha bwino. Ena ananyamuka osadya. Agogo ena mpaka lero amati malume anagulitsa mtundu chifukwa cha mkazi, ndipo anti sapitako kumudzi kuja. Ndiponso sindikufuna kunyoza mwambo wathu ngati wopanda nzeru. Unali ndi chifukwa chake. Mwamuna ankakhala mkamwini kwa eni ake, chuma chinali munda ndi makasu, ndipo malume ndiye anali mwini mbumba, wosamala ana a alongo ake. Mwambo womwewo ndi umene unandipezera pogona ndi sukulu. Koma nyumba ya m'tauni ija anamanga anthu awiri, ndipo njerwa zina zinagulidwa ndi malipiro a uphunzitsi a anti. Mwambo umene unapangidwa kuti mwana asasowe pogwira sungakhale chifukwa chotulutsira ana ena panja. Malume anasunga udindo wa umalume wonse, koma anakana kuti akazi awo ndi ana awo alipire mtengo wake.

Anzanga, ife tikamakamba za tsogolo m'mahositelo muno timakamba za malipiro, za galimoto, za kupita kunja. Palibe cholakwika. Koma ambiri mwa ife tidzakhala oyamba m'banja kulandira ndalama pa mwezi, kugula puloti, kukhala ndi penshoni. Tidzakhala ndi ana athu kwinaku tikulipirira ana a abale athu, ndipo mbali zonse ziwiri zidzatiwerengera. Tikadzangoti chibale ndi fupa sichiola n'kusiya zinthu m'malere, tidzasiyira anthu amene timawakonda nkhondo. Ndinkayesa kuti malume anali ndi miyoyo iwiri, wa ku ofesi ndi wa kunyumba, ndipo wa kunyumbawo ndi umene unawabweza m'mbuyo. Pano ndikuona kuti inali ntchito imodzi. Kutseka ofesi 5 koloko ndi kusaina pepala lija zinachokera pa mtima umodzi.

Holide yapitayi ndinapita kwa mayi ndi pepala ndi cholembera. Poyamba anandikalipira kuti ndikuwafunira imfa. Ndinawakumbutsa za ngolo ija. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anatuma mwana kukaitana aphunzitsi awiri oyandikana nawo kuti adzakhale mboni. Katundu wawo anakwana pa theka la tsamba. Choyamba kutchula chinali makina osokera.