Dzanja Lomwe Linakana Kuchoka

Agogo anga aamuna anali msodzi wa ku Chintheche, kufupi ndi Bandawe komwe amishoni a Livingstonia anasamukira m'chaka cha 1881. Atamwalira, banja linagwirizana kuti patsiku lovundukula chiliza chawo pakhale chithunzi chachikulu mufulemu. Vuto linali lakuti m'nyumba monse munali chithunzi chawo chimodzi chokha, chojambulidwa kugombe m'zaka za m'ma 1980. Agogo aimirira pafupi ndi bwato, imvi zili mbuu, chilimira chili pamkono. Kumbuyo kwawo kwaima mng'ono wawo, dzanja lake lili paphewa la mkulu wake.

Mng'ono wawoyo analowa Teba ulendo wa kumigodi ya ku Joni usanatsekedwe m'chaka cha 1988, ndipo sanabwerenso. Anasiya mkazi ndi ana atatu, omwe agogo analera ndi ndalama za usipa. Kwathu munthu wotere timamutcha mtchona. Nchifukwa chake azakhali pondipatsa chithunzicho sanazungulire. "Iwe ndi wapasukulu, umadziwa za makompyuta. Umuchotse uyu. Atate atsale okha."

Ndinavomera msanga poganiza kuti ndi ntchito ya mphindi khumi. Ndinasikana chithunzicho nkuchitsekula mu GIMP, pulogalamu yaulere yomwe imagwira ntchito zambiri zofanana ndi za Photoshop. Ndinatenga chofufutira nkuyamba kuchotsa thambo ndi nyanja. Zomwe zinatuluka zinali zomvetsa chisoni. Imvi za agogo zinapita limodzi ndi thambo, mutu nkusalala ngati chipanda. Ukonde unasanduka chigamba chakuda. Munthu amene ndinamuona pakompyuta paja sanali agogo anga.

Mnzanga wina wogona naye chipinda chimodzi, yemwe amajambula maukwati, ndiye anandilangiza kuti ndisiye chofufutira ndiphunzire masiki. Masiki ndi pepala losaoneka lomwe umaliyala pamwamba pa chithunzi. Pomwe wapaka zoyera, chithunzi chimaoneka. Pomwe wapaka zakuda, chimabisika. Pomwe wapaka zotuwa, chimaonekera pang'ono. Palibe chomwe chimatayika. Ukalakwitsa, umangopakanso zoyera ndipo chobisikacho chimabwerera.

Koma tsitsi sungalipake limodzilimodzi ndi dzanja. Apa mpomwe pamafunika matchanelo. Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi kuwala kwa mitundu itatu: kofiira, kwa girini ndi kwa buluu. Mtundu uliwonse uli ndi tchanelo chake, ndipo ukachiona pachokha chimaoneka ngati chithunzi chakuda ndi choyera, chokhala ndi milingo 256, kuyambira 0 mpaka 255. Monga wophunzira zilankhulo ndinaseka ndekha, pakuti ambiri a ife timati udzu ndi wobiriwira, nyanja nayo yobiriwira. Liwu limodzi limatikwanira pomwe makina akuona zinthu ziwiri, ndipo kusiyana kumeneko nkomwe kunandipulumutsa.

Mutchanelo chofiira thambo la buluu linadera, koma imvi zinawala, poti choyera chili ndi mitundu yonse itatu. Ndinakopera tchanelocho nkuwonjezera kusiyana kwa kuwala ndi mdima mpaka thambo linada bii, imvi nkuyera mbee. Nkhope ndi malaya ndinazipaka zoyera ndi dzanja. Paukonde zinali zosemphana: mutchanelo cha buluu thambo linawala, ulusi nkuda, choncho ndinatembenuza chakuda kukhala choyera ndisanachiphatikize ndi choyamba chija. Zonsezi nditaziika pamasiki, maso a ukonde anatseguka limodzilimodzi ndipo tsitsi lililonse linaima pamalo pake. Masiku ano alipo mapulogalamu osankha munthu pachithunzi mwa okha, koma lomwe ndinayesa linameza theka la chilimira. Usiku utatu ndinagona mochedwa.

Kenako ndinafika padzanja lija. Mtchona ndinamubisa mosavuta, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Koma nditapaka zakuda pazala zake, paphewa la agogo panatsala bowo looneka ngati dzanja. Kamera siinaone nsalu yomwe inali pansi pa zalazo, choncho panalibe choti chibwerepo. Njira inalipo: kukopera nsalu ya phewa linalo nkumatapo. Aliyense wokonza zithunzi amachita zimenezi. Koma ndinaona kuti kubisa munthu ndi kwina, kupeka phewa lomwe palibe analijambula ndi kwinanso. Ndinatseka kompyuta osamaliza.

Patchuthi ndinapita nayo kumudzi. Mwera unali utakalipa, amuna sanapite panyanja, ndipo pakhonde panadzaza anthu. Ndinaonetsa agogo aakazi chithunzi chokhala ndi bowo. Anachiyang'anitsitsa nkufunsa kuti, "Nanga uyu wapita kuti?" Ndinazimitsa masiki, mlamu wawo nkutulukira. Ndinayatsanso, nkusowa. Ana anaseka ngati akuonera matsenga, koma agogo sanaseke.

"Mdzukulu wanga," anatero, "agogo ako ankapita kumsewu Khirisimasi iliyonse kukayang'ana amene akutsika basi. Sanamuchotsepo mumtima. Iwe ungamuchotse bwanji?"

Azakhali anakumbutsa za ana atatu aja, za fizi, za zaka za njala. Zonse zomwe ananena zinali zoona, ndipo palibe anawatsutsa. Mmodzi mwa anawo, bambo wa ana ake tsopano, anali atakhala chete pamkeka. Pomaliza anapempha kuti ndimuonetsenso nkhope ya bambo ake, ndiikuze. Anali asanaionepo bwinobwino chikulire. Agogo anangoti, "Chibale ndi fupa, sichiola."

Anagwirizana zoti mufulemu mukhale agogo okha, monga azakhali anafunira, koma dzanja lisachoke. Ndinatenga burashi nkupaka zoyera pazala zinayi ndi kachigawo ka mkono. Patsiku la chiliza, alendo ena anafunsa kuti dzanjalo ndi la yani, ndipo aliyense wofunsa anauzidwa dzina lomwe linali litatha zaka zambiri osatchulidwa pakhomo paja.

Fayilo ija ndikusungabe, masiki ake ali momwemo. Amalume aja anandipempha kuti ndiwatsukire chithunzi chawochawo, chopanda masiki, anthu onse awiri akuoneka. Chimenecho sichinanditengere ngakhale mphindi khumi.