Ulendo wa ku Chambe, ndi zimene tidaphunzira kumeneko

Tidanyamuka pa boma la Mulanje mbandakucha, ndipo titatsata msewu wopita ku Phalombe tidafika pa mtsinje wa Likhubula. Pamenepo phiri la Chambe lidaima patsogolo pathu, thanthwe lokhalokha, msinkhu wake kuposa mamita 2,500. Kumtunda kwake nkumene amuna a midzi ino adali kucheka mkungudza, mtengo umene udatchedwa wa fuko lathu m'chaka cha 1984, natsika nawo matabwa pamutu.

Patsinde pa phirilo tidapeza nkhalamba ina ili pakhonde, imene pa unyamata wake idasenza nawo matabwawo. Manja ake adali kunjenjemera, mimba yotupa, maso achikasu. Ndipo titaipatsa moni katatu, katatu konse idatifunsa kumene tachokera. Mkazi wake adati: "Bambowa adayamba kachasu kuti aphe kutopa, tsono papita zaka makumi anayi. Lero aiwala ndi maina a zidzukulu, akalipira aliyense, ndipo anansi ayamba kunong'ona kuti ndi mfiti."

Mverani bwino, si ufiti umenewu ayi. Mowa wa zaka zambiri uumitsa chiwindi, chifukwa chake mimba idzala madzi. Ukweza kuthamanga kwa magazi, nuitana kufa kwa ziwalo. Umana thupi vitamini B1, ndipo bongo ukasowa ameneyu munthu aiwala, miyendo ichita dzanzi. Thupi la wokalamba lili ndi madzi ochepa, motero kapu imodzi imene kale sidamgwedeze lero imgwetsa pansi. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, koma kachasu akali kutchezedwa kuseri kwa nyumba.

Tidawalangiza kuti asawalande mowawo tsiku limodzi, pakuti wozolowera akaleka mwadzidzidzi angathe kukomoka, ngakhale kufa kumene; koma apite nawo kuchipatala cha boma ku Mulanje, kumene sing'anga adzaona njira yake. Pakhomo awapatse nsima ndi nyemba pa nthawi yake, asawaseke, ndiponso aitane wansembe adzawaone.

Pobwerera madzulo tidakumana ndi anyamata ali pa mowa m'mbali mwa msewu, amphamvu monga adaliri mkulu uja. Inu makolo achikristu, auzeni ana anu zimene tidaona ku Chambe, ndipo popemphera Kolona m'banja mwanu mukumbukire nkhalambayo ndi mkazi wake.