Mafupa a m'phanga si zinyalala

Anzanga a ku Angónia, inu amene mumandimvera pa wailesi, sabata yatha ndinakwera minibasi ku Ulongwe. Tinadutsa minda ya mbatata ya kachewere, phiri la Domwe tinalisiya kumbuyo, mpaka tinafika pachipata cha Calomue ndi kuolokera ku Dedza. Ulendo unali wokaona phanga la Mwana wa Chencherere, m'dera la Chongoni lomwe bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 2006.

Anthu amapitako kukaona zojambula za pathanthwe, koma ine maso anali pansi. Paja mu 1972 katswiri wina, J. Desmond Clark, anakumba m'phangamo nafukula mafupa ambirimbiri a nyama. Ntchito yowazindikira inagwera Diana Crader, amene panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya ku Berkeley, ku America.

Ntchito ya ophunzira otere si yamasewera ayi. Fupa lililonse amalitsuka, kulilemba nambala, kenako kulifananiza ndi mafupa a nyama zodziwika kale kuti aone ngati ndi la gwape, nguluwe kapena mbuzi. Amayang'ananso pamene panadula mpeni ndi pamene panapsa ndi moto. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimene mayiyu anapeza zinasindikizidwa m'buku mu 1984: alenje aja timawatcha Akafula anakhalabe m'mapirimu, akudya nyama zakutchire, ngakhale alimi osula zitsulo anali atakhazikika kale pafupi nawo.

Pobwerera ndinkayang'ana mapiri a kwathu kuno. Malirewa anadulidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, Akafula sankawadziwa. Ndiye kuti mapanga athu nawonso angathe kukhala ndi mbiri yomweyo. Koma ife timakumbamo manyowa a mileme, tikapeza fupa kapena phale n'kuponya kutchire. Fupa likachoka pamalo pake, ngakhale katswiri amavutika kudziwa kuti ndi la nthawi iti.

Choncho abale, mukapeza zoterezi zisiyeni pomwepo, kauzeni amfumu kuti iwo akadziwitse a boma. Ku yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo ana akuphunzira za zinthu zakale zofukulidwa pansi. Mwina wodzawerenga mafupa a m'phanga la kwanuko ndi mwana wanu yemwe akuweta mbuzi leroyu.