Giyabokosi pansi pa mtengo wa mango

Sabata ino ndikutengerani pansi pa galimoto, ndiye amene mwavala zoyera khalani patali pang'ono.

Ndili ndi Toyota Altezza ya 2001. Okonda magalimoto mukuidziwa: yotsika, nyali zakumbuyo zoonekera mkati, ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo. Toyota inayamba kuipanga mu 1998, ndipo kumaiko ena inkagulitsidwa ngati Lexus IS200. Yanga ndi AS200, ya injini ya 1G-FE ya masilinda 6. Ndinaigula kwa munthu wina ku Limbe ili ya otomatiki, magiya anayi. Inu, mmene ndinkatsikira nayo msewu wa M2, minda ya tiyi mbali zonse, phiri likukula kutsogoloku, ndinkadziona ngati ndafikapo.

Mu 2023 giyabokosi inayamba kuterereka. Ukaponda moto injini imakuwa, galimoto osathamanga, ndipo mafuta ake ankanunkha ngati nsima yopserera. Wanzeru akanagula ina ya otomatiki n'kuiwalako. Koma ine ndinali nditagonera mavidiyo a pa YouTube a anyamata a ku Japan, ndipo mtima unali pa giyabokosi ya manyuwo ya magiya 6 imene Altezza zina zinabwera nayo. Ndinaipeza ku Ndirande, m'galimoto yochita ngozi. Ndinatenga zonse: bokosilo, propshaft, chopondera kalachi, master ndi slave silinda, ngakhale chopondera buleki, poti cha otomatiki n'chachikulu, sichisiya malo a phazi lachitatu.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma ndinatuma msuweni wanga wa ku Johannesburg kuti andigulire kalachi ya mpikisano, ija ya tizidutswa ta seramiki, pamodzi ndi flywheel yopepuka. Katundu asananyamuke, mu November chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama inaperewera. Ndinabwereka kwa mayi akunyumba gawo lawo la banki m'khonde, limene ankasungira malata a khitchini. Ndinati ndibweza pakutha pa mwezi. Musandifunse mwezi wake.

Muyenera kudziwanso kuti ndine mkamwini. Kuno ku Mulanje ambiri timakhala kuchikazi, ndiye mtengo wa mango umene ndinasandutsa galaja suli wanga. Ndi wa apongozi anga aamuna, amene anayendetsa malole a tiyi mpaka kupuma ntchito. Loweruka limenelo anatulutsa mpando n'kukhala chapatali, ngati angoothera mphepo.

Ndinakweza galimoto ndi jeke n'kuyamba kusanja njerwa pansi pake.

"Akamwini, njerwa sichenjeza. Imangophwanyika," anatero, osandiyang'ana n'komwe. Anatuma ana kukagubuduza zipika za bulugamu. Ngati mungaiwale zonse za m'nkhani ino, ichi chokha sungani.

Kutsitsa bokosi lakale kunatidyera tsiku lonse, ine ndi alamu anga. Mabawuti apamwamba sawoneka, umawafufuza ndi zala uli chagada, fumbi likugwera m'maso, mango akugwa pa denga la galimoto ngati wina akugenda. Lamulungu titachoka kutchalitchi tinamanga flywheel yatsopano, kumanga mabawuti modumphadumpha kuti ikhale mofanana. Kenako vuto: mbale ya kalachi iyenera kukhala pakati penipeni, apo ayi shafuti ya giyabokosi siilowa, ngakhale mukankhe anthu khumi. Pali kachida kake koongolera, ine ndinalibe. Apongozi analowa m'khitchini, anatuluka ndi mthiko wakale, n'kuusema ndi mpeni mpaka unalowa bwinobwino. Bokosi lolemera pafupifupi ngati thumba la simenti ndinalinyamula pachifuwa, alamu akuwongolera kumchira, ndipo linalowa ulendo wachiwiri. Apongozi aakazi mpaka lero amafunsa za mthiko wawo.

Kuchotsa mpweya mu kalachi kumafuna anthu awiri: wina kupopa chopondera, wina kutsegula kabawuti pansi. Apongozi anadzipereka. Ine pansi ndikukuwa, "Pondani, bambo! Gwirani pomwepo! Siyani!" Tangoganizani, mkamwini kulamula apongozi mudzi wonse ukumva. Chopondera chitalimba anatsika akutsimphina, akusisita bondo.

"Kalachi imeneyi ndi yandewu. Mwaigulira msewu uti?"

Ndinaseka. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani za madalaivala akale.

Galimoto inakana kulira, ndipo mtima unagwa. Chonsecho kanali kaswitchi ka otomatiki kamene kamaletsa injini kulira ngati giya sili pa P kapena N. Titalumikiza mawaya ake awiri, inalira. Nyali ya injini pa dashibodi sinazime, poti kompyuta ya galimotoyo inali ikufunafunabe giyabokosi yake yakale, koma ndani ankasamala?

Pa tala, kuchokera pa Chitakale kulowera ku Muloza, inali nyimbo. Giya lililonse limalowa ngati ukutseka loko watsopano. Koma moyo wanga suli pa tala. Uli pa kamsewu kafumbi kopita kwathu, pa mahampu, pa msika pomwe njinga za nanazi ndi makabaza zimakudutsa mbali zonse. Apo ndi pomwe ndinamvetsa zimene ndinagula. Flywheel ntchito yake ndi kusunga liwiro la injini. Yolemera imakuthandiza ponyamuka, chifukwa injini siifulumira kufooka. Yopepuka imakwera msanga, imagwanso msanga, ndiye ukangochedwa pang'ono injini yazima. Kalachi wamba imalola kuterereka pang'ono, n'chifukwa chake mumatha kuyenda mwakachetechete kumbuyo kwa maliro. Ya seramiki sidziwa zimenezo: kaya yagwira, kaya yasiya, basi. Pamatope a chiperoni matayala akumbuyo ankangozungulira, galimoto ikugwedeza mchira. Ndinkazimitsa injini kawiri katatu ndisanafike kuntchito, koma pagulu ndinkati imafuna mwini wake.

Mawu amenewo ndi amene amandiwawa lero. Mayi akunyumba anaphunzira kuyendetsa pa otomatiki, ndipo galimotoyi isanasinthidwe ankapita nayo okha kuchigayo ndi kusikelo. Tsiku lonse limene ndinali pansi pa galimoto sindinaganizeko zimenezo ngakhale kamodzi. Atayesa yatsopanoyi, inadumpha ngati chule n'kuzima. Anatsika, anandipatsa makiyi, osanena kanthu.

Mu February ndinapita ku Blantyre ku maphunziro a masiku atatu, pa minibasi, poti mafuta anali ovuta. Usiku wachiwiri apongozi aamuna anabanika, mpweya ukukanika. Galimoto ili pakhomo, makiyi ali pa msomali, mvula ikugwa. Mwana wawo anayesa kanayi. Ulendo wachinayi inanyamuka n'kukatitimira mu ngalande ya pa chipata. Anawatengera kuchipatala cha Mission pa njinga yamoto, alamu atawagwira kumbuyo, atawafunditsa pulasitiki.

Anachira. Ndinawapeza m'wodi mawa lake masana, ndipo ndinayima kumiyendo kwa bedi ngati mwana wa sukulu. Ndinkadikira mawu, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Iwo anangofunsa ngati zipika zija zilipobe kapena ana anawaza nkhuni.

Zinalipo. Patatha milungu itatu tinatsitsanso bokosi. Ndinabwereranso ku Ndirande kukagula flywheel yolemera ya fakitale, ndipo ku Limbe ndinagula kalachi wamba, imene mtengo wake sunafike ngakhale theka la ija. Mthiko uja unagwiranso ntchito. Ulendo uno wopopa anali mayi akunyumba, apongozi ali pampando wawo akuwerengera.

Tsopano Lamulungu lililonse madzulo timapita pa bwalo la mpira la pasukulu. Ine ndimakhala kumbuyo, poti zinaoneka kuti ndikaphunzitsa ine timakangana. Kutsogolo kumakhala bambo ndi mwana wawo. "Mverani injini, musayang'ane phazi," amatero. Sabata yatha anafika giya lachitatu, ndipo anabwerera chambuyo pakati pa zigoli osagunda.

Kalachi ya seramiki ndinagulitsa motchipa kwa mnyamata wina wa ku Luchenza, nditamuuza zonse, koma sanamve. Flywheel yopepuka palibe anaifuna. Ili pa denga la khitchini, yatsindira lata lakale kuti lisauluke ndi mphepo. Ngongole ya malata ndatsala ndi miyezi iwiri.