Mtsikana Amene Sanakhale Sisitere

Achinyamata anzanga, sabata ino ndikufuna tilingalire za filimu yakale, ndipo mundilole ndiyambe ndi nkhani ya ine mwini.

Ndili m'chaka chachitatu ku seminale yaikulu, Loweruka lina madzulo anationetsa filimu yotchedwa The Sound of Music m'chipinda chodyera. Anzanga ena ankati ndi ya ana, ena anagona pakati chifukwa imatenga pafupifupi maola atatu. Ine tulo sitinandipeze. Kwa miyezi ingapo ndinali nditasunga mumtima funso limene sindinauze munthu aliyense: kodi Mulungu akundiitanadi ku unsembe, kapena ndikungoopa kukhumudwitsa mayi anga ndi akhristu akwathu amene ankandisonkhera ya sopo?

Filimuyi inatuluka mu 1965. Anaitsogolera ndi Robert Wise, ndipo nyimbo zake ndi za Richard Rodgers ndi Oscar Hammerstein II. Imanena za Maria, mtsikana amene ankakonzekera usisitere ku nyumba ya Nonnberg mumzinda wa Salzburg, ku Austria. Mayi Mkulu wa nyumbayo anamutumiza kukasamalira ana asanu ndi awiri a Georg von Trapp, msilikali wa pamadzi amene mkazi wake anamwalira. Kumeneko Maria anaphunzitsa anawo kuimba, ndipo mtima wake unayamba kukonda bambo wawo.

Pa 18 April 1966, ku Santa Monica m'dziko la America, kunali mwambo wopereka mphotho za Oscar. Mafilimu asanu ankalimbirana mphotho ya filimu yopambana onse: The Sound of Music, Doctor Zhivago, Darling, Ship of Fools ndi A Thousand Clowns. Mpikisano weniweni unali pakati pa awiri oyambawo. Iliyonse inasankhidwa m'magawo 10, ndipo iliyonse inapata mphotho 5. Ya filimu yopambana ndi ya wotsogolera zinapita kwa The Sound of Music. Koma Julie Andrews, amene anasewera ngati Maria, anabwerera chimanjamanja. Mphotho ya mkazi wosewera bwino inapita kwa Julie Christie chifukwa cha filimu ya Darling, ndipo Christie yemweyo ndiye anasewera ngati Lara mu Doctor Zhivago.

Patapita zaka ndinafunafuna mafilimu awiri opikisana nayewo, ndipo nditawaonera ndinapeza kuti onse atatu akukamba za munthu wa mtima wogawanika.

Doctor Zhivago, ya David Lean, inachokera m'buku la Boris Pasternak. Yuri Zhivago ndi dokotala komanso mlakatuli wa ku Russia m'nyengo ya nkhondo ndi kusintha kwa boma kwa 1917. Ali ndi mkazi wake Tonya, komanso akukonda Lara. Sasankha. Amangoyendayenda pakati pa awiriwo kufikira nkhondo itamulanda onse, ndipo amafera mumsewu ku Moscow akuthamangira mkazi amene akumuona ngati Lara. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Mu Darling, Diana Scott ndi mtsikana wokongola wa ku London amene akusiya mwamuna uyu n'kutenga uyo pofunafuna kutchuka. Pomaliza akwatiwa ndi kalonga wa ku Italy, nakhala m'nyumba yachifumu ali yekhayekha, chisoni chili tho.

Nayenso Maria mtima unagawanika, pakati pa nyumba ya asisitere ndi banja la von Trapp. Poyamba anachita zimene ambirife timachita: anathawa usiku osatsazika, nakabisala kwa asisitere. Kusiyana kwake ndi anzake awiri aja kunali kwakuti iye anali ndi munthu woti amuuze zoona. Anaulula zonse kwa Mayi Mkulu, ndipo mayiwo sanamukalipire kapena kumukakamiza kuti akhale. Anamubweza kuti akakumane ndi chimene ankachithawa, pomukumbutsa kuti chikondi cha m'banja nachonso n'choyera. Peggy Wood, amene anasewera ngati Mayi Mkuluyo, anasankhidwa kupikisana nawo koma sanapate mphotho. Kwa ine gawo lake ndilo linanyamula filimu yonse.

Lolemba lotsatira ndinakagogoda pakhomo pa bambo amene ankatitsogolera pa zauzimu. Ndinalankhula kwa ola lathunthu, misozi ili m'maso. Iwo sanandiuze chochita. Anandiyendetsa m'mapemphero ndi m'mafunso kwa chaka chonse, ndipo pamapeto pake ndinanyamula sutikesi yanga kubwerera kumudzi. Sizinali zophweka. Mayi anakhala masiku angapo osandiyankhula bwinobwino, ndipo pamsika ndinkamva anthu akunong'onezana kuti uyo ndi uja analephera unsembe. Lero ndine katekisiti, ndili pabanja, ndipo zimene ndinaphunzira kuseminale ndimazigwiritsa ntchito sabata iliyonse.

Ndiyenera kunenanso kuti filimu imakometsera. Maria weniweni anakwatiwa ndi Georg mu 1927, zaka 11 Hitler asanalande Austria mu 1938. Banjali silinathawe wapansi kudutsa m'mapiri monga tionera. Linakwera sitima ya pamtunda kupita ku Italy, ndipo pambuyo pake linakakhazikika ku Stowe, m'chigawo cha Vermont ku America. Amene anawaphunzitsa kuimba mwaluso anali wansembe, Bambo Franz Wasner, amene filimu siimutchula n'komwe. Ndipo Maria mwiniwake anavomera m'zolemba zake kuti pa tsiku la ukwati ankakonda kwambiri anawo, chikondi cha kwa mwamuna wake chinakula pambuyo pake. Zimenezi zimandilimbitsa mtima koposa filimuyo, chifukwa zikusonyeza kuti munthu angathe kusankha bwino mtima usanakhazikike, mtendere n'kubwera pang'onopang'ono.

Oweruza a ku America anagawa mphotho zawo mofanana, zisanu uku zisanu uko, ndipo sindikuwatsutsa, chifukwa Doctor Zhivago ndi filimu yokongola zedi. Koma wachinyamata akandifunsa kuti mwa anthu atatu aja atsanzire ndani, yankho langa silivuta.

Mwina iwe amene ukuwerenga uli ndi funso lako limene wabisa: za sukulu imene makolo anakusankhira, za chibwenzi, za usisitere kapena unsembe. Usakhale nalo wekha kufikira nthawi itakusankhira. Sabata ino peza munthu wokhwima m'chikhulupiriro, kaya ndi bambo mfumu, asisitere, kapena mkulu wa kumphakati kwanu, umuuze zoona zonse. Ine ndinachedwa ndi miyezi yambiri chifukwa cha manyazi, ndipo amene ndinkawaopawo anandilandira ndi mpando.

Ambuye akhale nanu sabata yonseyi.